Nyenyezi Inadzuka Tsiku Loika Mlongo Wanga

Ndinadzuka kunja kusanache, kapena ndingoti ndinadzutsa mutu, chifukwa tulo teniteni sindinagone. Amayi a mpingo amene anachezera kuimba anali atatopa, aliyense akuodzera atatsamira khoma. Chinandidzidzimutsa ndi foni ya mlamu wanga imene inkanjenjemera m'thumba la juzi langa.

Foniyo inali kwa ine kuyambira tsiku limene azakhali anafika pa basi kuchokera ku Ntcheu. Iwo ndi alongo awo a malemu bambo athu, ndipo ndi amene analera ine ndi mlongo wanga Yohane makolo athu atamwalira. Atangolowa m'nyumba n'kulira, analamula kuti wofedwa asagwire foni mpaka mwamuna wake ataikidwa. Opepesa onse ndiziwayankha ine, mkulu wake wa malemu. Palibe anatsutsa. Tonse tinkadziwa kuti mtima wawo unali wowawa kale ndi nkhani yoika maliro kuno ku Joni m'malo mowatumiza kumudzi. Yohane ananena yekha ali moyo kuti adzagone kufupi ndi kumene mwana wake akukulira, koma kumudzi anthu anamva zoti wakaniza ndi mkazi.

Bokosi linali pabalaza, mipando yonse titatulutsa. Mlamu anakhala pa matilesi cha kumutu kwa bokosilo, atafunda chitenje mpaka kumaso, bulangete pamwamba. Azakhali anali mbali imodzi, ine mbali inayo. Ndinasuzumira foni mobisa. Sanali opepesa. Anali mauthenga achingerezi odzaza manambala, otumizidwa ndi makina, ndipo pansi pake panali dzina la mnzake wa kuntchito amene anali ataimba kangapo. Ndinaibweza m'thumba n'kutuluka panja.

Chisanu cha Julayi kuno sichiseka ndi munthu. Udzu wa pabwalo unali utayera, ndipo utsi wa mbaula za kukomboni ya Diepsloot unali utagona pansi, wosafuna kukwera. Abambo anaunjikana pa mgolo wa moto pafupi ndi geti, makolala a majekete ali m'makutu, akukambirana za mapepala okhalira m'dziko muno ndi za mpira motsitsa mawu. Kuseri kwa nyumba amayi anali atasonkha kale moto pa mapoto akuluakulu a miyendo itatu. Ena ankadula kabichi, ena ankasenda karoti m'mabeseni, Chichewa ndi Chizulu zikungosakanikirana. Aneba athu a kuno anatigwira mkono kwambiri, sindingawaiwale.

Pakati pa osenda karotiwo panali mayi uja amene ankaimba foni, Msuthu wamfupi wovala magalasi. Amagwira ntchito ndi mlamu ku yunivesite. Atandiona anasiya mpeni, anapukuta manja n'kundikokera pafupi ndi thanki ya madzi.

"Sisi, yadzuka," anatero m'Chingerezi.

Sindinafunse kuti yadzuka n'chiyani. Aliyense amene anadyapo patebulo la Yohane ankaidziwa nyenyezi ya mlamu. Yohane anali mphunzitsi wa masamu, ndiye ankakonda kutifotokozera ndi mbale ndi kabotolo ka mchere. Kutali kwambiri kumwambaku kuli nyenyezi ziwiri zoyendera limodzi. Ina ndi yaikulu, yotentha, imene imalavula mpweya n'kudzimangira nawo lamba m'chiuno. Inzake ndi kachotsalira ka nyenyezi imene inaphulika kalekale, kakang'ono kosaposa mzinda wa Joni koma kolemera kuposa dzuwa. Kameneka kamazungulira yaikuluyo, nthawi zina kutali, nthawi zina pafupi, ndipo zaka zimatha kali duu. Koma lamba uja akafufuma, iko n'kudutsa pafupi, kamayamba kumeza mpweyawo n'kuyaka ndi kuwala kwa ekisireyi, komwe kuja timajambulira mafupa kuchipatala. Maso sakuona, amakuona ndi makina oyandama kumwamba. Ndipo popeza kamapota ngati nguli, kuwalako kumafika mophethiraphethira, ngati kugunda kwa mtima. Ine ndine namwino, ndiye mbali ya ekisireyi ndi ya kugunda ndinkaimva. Zinazo ndinkangovomera. Yohane ankamaliza ndi kunena kuti mkazi wake ali ndi chibwenzi kumwamba, ubwino wake n'chaulesi, chimangogona.

Nyenyeziyo inayaka komaliza iwo asanakwatirane. Ntchito yonse ya mlamu, imene inamusunga m'dziko muno, inali yodikira kuti aione ikungoyamba kuyaka, chifukwa chiyambi chakecho palibe anachionapo bwinobwino. Msuthu uja anandiuza kuti a telesikopu yaikulu yoonera nyenyezi ya kuchipululu cha Karoo anamulonjeza mlamu mpata umodzi wokha, woti akangonena, asiye zonse n'kuloza kumeneko. Mpatawo unali m'dzina lake. Nyenyeziyo inawanamizapo kale, kuthwanima pang'ono n'kuzimanso, choncho ankafunika kuona yekha mzere wa kuwalako n'kugamula ngati kunali kudzuka kwenikweni. Ndondomeko ya usiku amaitseka masana dzuwa likapendeka, ndipo kuyambira mawa lake ku Karoo kunkabwera mitambo ndi mvula.

"Angoyang'ana pang'ono chabe, sisi," anandichonderera.

Ndinapsa mtima. Ndinamuuza kuti mlongo wanga ali m'bokosi m'nyumbamo, ndipo ngati wabwerera karoti asende karoti. Anagwetsa nkhope n'kubwerera ku beseni lake. Ine ndinalowa m'nyumba.

Dzuwa litatuluka anthu anayamba kufika. Mataxi ochokera ku Diepsloot anatsitsa anyamata a maganyu ndi amayi ogwira ntchito m'nyumba za ku Fourways, ambiri atavala zakuda zobwereka. Yohane ankawathandiza ana awo masamu Loweruka kutchalitchi. Kunabwera magalimoto onyezimira a madokotala ndi owerengera ndalama, eni ake akutsika n'kumafunsa pokhala m'Chingerezi. Kunabwera ana a sukulu atavala yunifolomu, akugwirana manja. Kunabweranso mkulu wina wobadwira ku mafamu a ku Zimbabwe, amene kumudzi sanakupondeko, koma anagwada pakhomo n'kupepesa m'Chichewa chakale chimene ife tinachitaya. Tenti inadzaza, ena anaima mumsewu. Kulikonse kumene ndinkayang'ana kunali foni yokwezedwa m'mwamba, ikutumiza mwambo wonse kwa abale a kumudzi.

Bokosi analitulutsa n'kuliika kutsogolo. Ife atatu tinakhala pa mpando wautali, mlamu pakati. Mphepo inkakoka nsalu ya tenti n'kumaimenyetsa ku zitsulo, moti mawu a abusa ankamveka modukizadukiza. Olankhula anachuluka, aliyense akuyamba ndi kunena kuti satalikitsa. Ndipo nthawi yonseyi foni inkanjenjemera. Tinathinana kwambiri pampandopo, ndiye mlamu ankaimva m'nthiti mwake ngati mmene ndinkaimvera ine.

Anapendekera kwa ine osavundukula chitenje. "Mlamu, ndi iyo?"

"Ndi opepesa," ndinatero.

Anangobwezera manja pamiyendo. Bodza limenelo linandivutitsa mapemphero onse, ndipo nyimbo imene ndimaidziwa kuyambira ndili mwana ndinalephera kuiimba.

Chinthu china chimene ndinkachimva kumbuyo kwanga chinali kunong'ona. Mlamu sanalire. Sanalire kuchipatala tsiku limene Yohane anagwa m'kalasi n'kupita osatsanzika, sanalire bokosi likulowa m'nyumba, ndipo sanalire pamene tinkaona nkhope komaliza. Anangoima, kumukonza kolala ya shati, n'kubwerera. Ine ndaona anthu ambiri ofedwa pantchito yanga, ndikudziwa kuti ena misozi imawauma kaye. Koma pamaliro athu mkazi wosalira amaonedwa ndi diso lina, ndipo amayi ena anali atayamba kale kukodolana.

Ulendo wa kumanda unali wosautsa. Magalimoto onse anayatsa nyali zophethira, koma madalaivala a mataxi a kuno maliro sawadziwa. Ankalowerera pakati, kuimba hutala, kutidula pa maloboti, mpaka basi ya akwaya inatsalira n'kusochera. M'galimoto lathu azakhali ankayang'ana pawindo mipanda italiitali ya mawaya a magetsi, n'kumapukusa mutu. Ine ndinkangoyang'ana dzuwa kuti lafika pati, kenaka n'kumadzikalipira kuti dzuwa likundikhudza chiyani.

Manda a kuno Loweruka ali ngati msika. Matenti anandandalika, uku akuimba Chizulu, uko Chisuthu, kwina ng'oma za amipingo ya mizimu, ndipo nyimbo zonse zimakumana m'mwamba. Adzukulu kulibe. Dzenje limakumbidwa ndi galimoto la chikasu, ndipo linali litaima chapatali, dalaivala akudya chingwa, kudikira kuti tichoke likwirire. Bokosi linatsika lokha pa malamba, pang'onopang'ono. Apa azakhali analira mokweza, kuitana Yohane ndi dzina lake la ubwana, kumufunsa kuti wawasiyiranji kudziko la eni. Nanenso ndinalira mpaka mutu unawawa.

Abambo a kwathu anakana zoti mnzawo akwiriridwe ndi makina. Anavula majekete n'kuyamba kulandirana mafosholo, madokotala ndi amaganyu pamodzi. Fumbi lofiira linkauluka n'kutilowa m'kamwa. Ntchitoyo inatenga nthawi, kwaya ikubwereza nyimbo zomwezomwezo, ndipo mthunzi wa tenti unayamba kusuntha.

Ndili pamenepo ndinakumbuka chinthu chimene ndinkamuseka nacho Yohane. Mlamu amagona tulo tofa nato. Ndiye zaka zonsezi foni imeneyi inkagona kumbali ya Yohane ya bedi. Ikalira, ankadzuka ndi iyeyo, kuwerenga manambala amene anaphunzira kuwazindikira, n'kuona ngati n'koyenera kumudzutsa mkazi wake. Ndinkamunena kuti wasanduka mlonda wa chibwenzi cha mkazi wake, iye n'kumangoseka. Tsopano mlondayo ankamuthira dothi, ndipo foni inali m'thumba langa. Ndinaganizanso za sabata yamawa. Azakhali adzakwera basi, ine ndidzabwerera kuwodi, anthu onsewa adzabalalika. Mlamu adzatsala ndi mwana wamng'ono ndi ntchito yake, ndipo chimene anachidikira ukwati wake wonse ndidzakhala nditamubisira ine.

Ndinatulutsa foni, ndinaiphimba ndi mpango, n'kuilowetsa kunsi kwa chitenje chake. "Ndinakunamizani," ndinanong'ona. "Ndi iyo."

Anailandira. Anaweramitsa mutu kwambiri, chitenje chinamuphimba yense mpaka m'maondo. Woona akanati chisoni chamugonjetsa tsopano, ndipo mayi wina kumbuyo anamusisita pamsana. Ine ndinkangoona chigongono chake chikusuntha pang'onopang'ono. Mtima wanga unali m'mwamba. Ndinkafuna afulumire, koma iye sachita zinthu mothamanga, ndipo ndinadziwa kuti akuuyang'ana mzerewo kuchokera kumayambiriro.

Mafosholo anasiya. Woyendetsa mwambo anatenga chimkuzamawu n'kulengeza kuti nkhata yoyamba aike ndi mkazi wa malemu. Mlamu sanamve. Anaitananso. Azakhali, poganiza kuti wakomoka, anagwira chitenje n'kuchivundukula.

Foni inali m'manja mwake, poyera, ikuonetsa timadontho tokwera ngati phiri. Azakhali anaona, amayi a mzere wakumbuyo anaona, ndipo mafoni ena ojambula anali ataloza komweko kudikira nkhata. Ndinafuna nthaka ing'ambike ndilowe. Ndinatambasula dzanja kuti ndiilande, ndinene kuti ndi yanga, koma mlamu anaikaniza. Anawayang'ana azakhali, kenaka anabwezera maso pa foni. Anamaliza kulemba mawu amene anawayamba, anatumiza, n'kundipatsa. Ndiye anaimirira, analandira nkhata, anakagwada pa mtumbira n'kuiika bwinobwino. Kutali, kumapeto kwa gulu, ndinaona Msuthu uja akuthamangira ku galimoto lake foni ili kukhutu.

Pobwerera azakhali anakwera basi ya akwaya.

Kunyumba anthu anasamba m'manja pa mabeseni a pageti n'kufola pa mzere wa chakudya. Nkhani inali itafika kale ife tisanafike. Ndinkadutsa ndi mbale, anthu n'kumasiya kulankhula. Ena ankati amacheza ndi mwamuna, ena ankati amafunsa za inshuwalansi. Mayi wina amene sindimudziwa n'komwe anandigwira dzanja n'kundiuza kuti ndilimbe mtima, akazi ophunzira ndi otero. Ndinamuyankha mawu amene sindingawalembe pano.

Anthu akudya, azakhali anatiitanira kuchipinda, ine ndi mlamu. Anatseka chitseko. Sanakuwe, ndipo bola akanakuwa.

"Mwana amene ndinamulera ine akumukwirira, iwe uli pa foni. Wandichititsa manyazi mpaka kumudzi."

"Foni ndinapereka ndine, azakhali," ndinatero. "Ngati pali mlandu ndi wanga." Ndinayesa kufotokoza za nyenyezi, za telesikopu, za mitambo ya mawa, za Yohane amene ankadzuka usiku. M'kamwa mwanga zinkamveka zopepuka, ngati zifukwa za mwana wojomba kusukulu.

"Nyenyezi?" anatero azakhali. "Zakhala zili kumwambako chilengedwere. Zikanathawa lero?"

"Iyi ikanathawa, azakhali," anayankha mlamu. Anagwada pansi. "Pepani kuti ndakupwetekani. Koma sindinganame kuti sindinadziwe chimene ndimachita."

Azakhali ananyamula chikwama chawo. Anati akagona kwa mayi wina wa kwathu ku Diepsloot, ndipo za kusesa mawa tione tokha, popeza ndife odziwa zinthu. Ndinawatsatira mpaka pageti ndikuwachonderera. Sanacheuke. Ndinawaona akukwera taxi movutikira, bondo likuwavuta, ndipo zinandipweteka kwambiri, chifukwa mayi ameneyu anagulitsa mbuzi zake kuti ife tiphunzire. Mpaka lero sanandiyankhe foni.

Pofika madzulo a tenti anali atazula zitsulo zawo. Aneba anatsuka mapoto n'kuwanyamula, moto anauthira madzi. Anyamata anabwezera mipando pabalaza, koma anaiika molakwika, moti nyumba inkaoneka ngati ya anthu ena. Mwana anagona msanga, ali ndi nsapato kuphazi, ndinachita kumuvula. Panatsala amayi awiri a mpingo amene anagona pa matilesi paja chifukwa cha kutopa.

Mlamu anakhala patebulo la kukhitchini ndi kompyuta yake, chitenje chili m'mapewa. Ndinamuikira tiyi, sanamwe. Ndinatsuka makapu amene anali otsuka kale. Ndinamufunsa ngati anali wotsimikiza kuti nyenyeziyo siinamunamizenso. Anati sangadziwe mpaka ataona, mwina wataya mpata wake ndi dzina lake tsiku limodzi. Mdima utangogwa kunabwera uthenga woti ku Karoo kumwamba kuli mbee, ndipo aloza. Tinadikira. Panja galu wa aneba ankanunkhiza pamene panali mapoto.

Kenaka kompyuta inalira kamodzi. Pagalasi panatuluka mzere woyenda chopingasa, ndipo pakati pake unatumphuka m'mwamba n'kupanga nsonga ziwiri. Mlamu anayandikitsa nkhope. Anagwira pakamwa. Ndinaona maso ake akuwala kwa nthawi yoyamba sabata yonseyi, ndipo anatembenuka msanga kuyang'ana kukhonde lopita kuchipinda.

"Yohane! Tabwera udzaone, yayamba ku..."

Mawu anathera pomwepo. Anakhala chotembenuka choncho, akuyang'ana khonde lamdima. Ndiye kulira kunabwera, kochokera pansi pamimba, kulira kumene anthu anakufuna tsiku lonse, pamene panalibenso woti akuone. Amayi aja anadzidzimuka pabalaza, ndinawakodola kuti akhale.

Ndinakoka mpando n'kukhala pambali pake. Ndinamugwira mpaka mapewa anasiya kugwedezeka.

"Ndionetseni ine, mlamu," ndinatero.

Anapukuta m'maso ndi chitenje, analoza nsonga ziwiri zija, n'kuyamba kufotokoza za lamba wa mpweya, mawu akudukaduka. Sindinamve zambiri. Ndinangoyang'ana pamene ankaloza, mpaka anamaliza.